Ndakatulo yabwino ndi yotani? Zimene nyimbo ya Paiva ikutiphunzitsa

 Ena mwa inu mwayamba kulemba ndakatulo, ndipo funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, kodi ndakatulo yabwino ndi yotani? Yankho limene timapereka pokonzekera mayeso a MSCE mukulidziwa. Timati ndakatulo ikhale ndi mutu, ndime, uthenga, komanso nsinjiro za chiyankhulo monga zining'a, zifanifani, miyambi ndi mvekero. Yankho limeneli limakhozetsa mayeso, koma silimuthandiza kwenikweni munthu amene wakhala pansi ndi cholembera, chifukwa ndakatulo ikhoza kukhala nazo zonsezi n'kukhalabe yozizira ngati mkute.

Ine ndiyankha podzera m'mbiri, ndipo mbiri yake ndi ya kwathu konkuno, kunsi kwa Shire ndi Zambezi. Chimene ndikufuna muone ndi chimodzi basi. Ndakatulo zimene zinakhalitsa pakati pathu ndi zija zinagwira chinthu chenicheni chimene omvera ankachidziwa ndi maso awo, n'kuchilola chinthucho kuti chinene zimene pakamwa pa munthu pankalephera kunena.

Tisanakhale ndi mabuku

Ndakatulo sinabwere ndi sukulu. Mu 1892 m'busa wa ku Blantyre Mission, a David Clement Scott, anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, ndipo pomasulira mawu ankaikamo miyambi ndi ziganizo zimene anamva kwa eni chiyankhulo. Mu 1907 R.S. Rattray anasindikiza buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja zimene anatolera m'chigawo chapakati. Azungu amenewa sanaphunzitse munthu kupeka. Analemba zimene anazipeza zili kale.

Kuno kuchigwa tinali ndi nyimbo za pamtondo, za opalasa mwadiya, za pamaliro, za likhuba, za utse ndi za ulimba. Mayi akamasinja, nyimbo yake inkatchula mwamuna amene wamwera mowa ndalama za thonje, apongozi ali pomwepo pakhonde akumva. Mawu omwewo akanawanena poyankhula wamba ukanakhala mlandu wopita kwa ankhoswe. Koma poti ndi nyimbo, apongozi ankangomva, uthenga n'kufika kumene ukupita. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Paiva anali yani?

Mukatsika ndi Shire kudutsa Nsanje ndi Marka mpaka pamene amathira mu Zambezi, n'kupitirira chakummawa, mufika ku Mopeia m'dziko la Mozambique. M'zaka za m'ma 1870 Mpwitikizi wina, Ignacio José de Paiva Raposo, anapatsidwa malo kumeneko kuti azilima mbewu ya opium. Ulimiwo sunapite patali. Amene anadzapindula ndi malowo ndi mkamwini wake, Mngerezi wotchedwa John Peter Hornung, yemwe anayambitsa kampani ya shuga mu 1890. Kampaniyo inakula n'kukhala ndi mafakitale ku Mopeia, Marromeu ndi Luabo, ndipo kuyambira 1920 inkatchedwa Sena Sugar Estates.

Nzimbe zimafuna manja ambiri, ndipo manjawo sankabwera mwa kufuna kwawo. Anthu ankagwidwa m'midzi ndi asipayi chifukwa cha msonkho, n'kukagwira ntchito miyezi ingapo pamalipiro ochepa, kapitawo ali pambuyo. Wolephera kumaliza ndime yake ankalawa mbalamatodya. Kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la Apwitikizi linkakakamizanso anthu kulima thonje, ndipo katundu ameneyu anagwera makamaka amayi, poti amuna anali ku nzimbe. Mavuto a mtundu umenewu, pamodzi ndi nkhondo ya Makombe ya mu 1917, ndi amene anathamangitsira mabanja ambiri a Chisena kuno ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi ku Chikwawa. Choncho nkhani imeneyi si ya alendo ayi. Ambiri a ife agogo athu anachokera komweko.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Mozambique itangolandira ufulu, akatswiri awiri, Leroy Vail ndi Landeg White, anayenda m'midzi yozungulira minda ya nzimbeyo akujambula nyimbo. Anadabwa kuti mudzi uliwonse unkadziwa nyimbo imodzi ya Chisena yotchula dzina lakuti Paiva. Anaitsatira, ndipo mu 1978 analemba mbiri ya nyimbo imodzi yokhayo. Anapeza kuti inayamba cha m'ma 1890, ndipo Paiva woyamba kuimbidwa anali José de Paiva Raposo, wa m'banja lomwe lija, amene ankayang'anira ntchito ku Mopeia.

Nyimboyo ndi yaifupi kwambiri. Wotsogolera amaitana dzinalo, ena n'kuyankha. Mfundo yake ndi yakuti wogwira ntchito wakhetsa thukuta koma ndalama zapita kwa Paiva, kenaka imatsekera ndi mawu otukwana bwanayo, mawu amene mphunzitsi sangawatchule pamaso pa ophunzira ake. Amuna ankaimba popalasa ndi pogwira ntchito m'munda. Paiva woyambayo atachoka, dzinalo linagwera wachibale wake wina amene anadzakhala bwana pambuyo pake, ndipo m'kupita kwa nthawi Paiva linasanduka dzina la kampani yonse. M'nthawi ya thonje lokakamiza amayi anaitenga nyimboyo n'kuikulitsa. Ankaima bwalo, ena n'kulowa pakati kuchita sewero la kapitawo akumenya mayi, akutchula mayina a akapitawo ndi asipayi a m'dera lawo. Pamene Vail ndi White ankaijambula, nyimboyo inali itakhala zaka pafupifupi 80, ndipo ana amene sanamuonepo Paiva aliyense ankaidziwa.

N'chifukwa chiyani inakhalitsa?

Panali nyimbo zambirimbiri zodandaula m'zaka zimenezo, nanga iyi inakhaliranji? Choyamba, sinalankhule za "nkhanza" kapena "utsamunda". Mawu amenewa ndi aakulu koma alibe nkhope. Inatchula munthu amene anthu anamuonapo ataima m'munda, ndipo inaika pamodzi zinthu ziwiri zimene aliyense ankazidziwa, thukuta la uyu ndi ndalama za uyo. Buku la zachuma likhoza kutenga masamba ambiri kufotokoza zomwezo.

Chachiwiri, inapangidwira khutu ndi thupi. Inkagwirizana ndi nkhafi, khasu ndi mapazi, ndiye munthu akaimva kawiri waigwira. Inalibe mawu ongodzazira malo, chifukwa munthu amene akupalasa mokwera mtsinje alibe mpweya wotaya.

Chachitatu, inanena chimene sichikananeneka mwa njira ina. Munthu wotukwana bwana pamaso akanamenyedwa, koma nyimboyo inkaimbidwa akapitawo akumva. Vail ndi White anadzalemba buku lonse pa mfundo imeneyi mu 1991, lotchedwa Power and the Praise Poem. Iwo anati m'madera ambiri a kummwera kwa Africa muno ufulu wodzudzula wamkulu umakhala m'nyimbo mwenimwenimo, osati mwa woimbayo, kotero kuti aliyense, ngakhale wosauka kapena mkazi wokwatiwa kumene, akhoza kuugwiritsa ntchito. Ndi zomwe zija za mayi wa pamtondo.

Palinso china chimene chikutikhudza ife aphunzitsi a mbiri. Mabuku a kampani anasunga kuchuluka kwa shuga amene anatumizidwa kunja. Mbali ya anthu odula nzimbe inasungidwa ndi nyimbo. Pakanapanda nyimbo ngati imeneyi, mbiri ya chigwa cha Zambezi ikanalembedwa ndi maso a mbali imodzi yokha.

Kuchokera ku Khulubvi kupita ku Chancellor College

Tsopano tiwoloke malire tibwerere kwathu. Nonse mukuidziwa nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Akuluakulu amasimba kuti anathawa adani ake kuchokera kumpoto, akusiya zizindikiro pamiyala m'malo amene anapuma, mpaka anamupeza kuno kunsi n'kumudula mutu, ndipo magazi ake anayenda ngati mtsinje. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anafika m'dziko muno mu 1955 ndipo anagwira ntchito kuchigwa kuno, anatolera nkhaniyi kwa anthu osiyanasiyana. Osimba ankasiyana pa zambiri, koma chithunzi cha magazi osanduka mtsinje chinali champhamvu kotero kuti buku lawo la mu 1992 analitcha River of Blood. Iwo anaona kuti m'nkhaniyi munasungidwa chikumbukiro cha nkhondo za nthawi imene ufumu wa Lundu unkakula, cha m'ma 1600. Taonani, chithunzi chimodzi chinasenza mbiri kwa zaka mazana anayi popanda pepala.

Schoffeleers anadzaphunzitsa ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970, ndipo kumeneko nkhani za Mbona, Kaphirintiwa ndi bilimankhwe zinakumana ndi achinyamata amene ankazifuna kwambiri. Mu 1970, kolejiyo ikadali ku Chichiri mu Blantyre, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, ndiponso Landeg White yemwe uja, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa pakolejipo boma lisanamuthamangitse mu 1972. Ankakumana, wina n'kuwerenga ndakatulo yake mokweza, anzake n'kuisenda popanda kunyengerera. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau.

Vuto lawo linali lofanana ndi la odula nzimbe aja. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1971 Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Kunena poyera kuti anthu akutsekeredwa popanda mlandu kunali kudziitanira ndende. Ena monga David Rubadiri ndi Frank Chipasula analembera kunja kwa dziko. Otsala anatembenukira ku zinthu zimene Mmalawi aliyense ankazidziwa. Steve Chimombo anatenga nkhani ya Mbona n'kulemba sewero la The Rainmaker, limene linasindikizidwa mu 1978. Anatenganso Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati ndicho chinagumula Zomba mu Disembala 1946, n'kulembapo ndakatulo zimene zinatuluka m'buku mu 1987. Woyang'anira mabuku akawerenga ankaona nthano ya makolo. Mmalawi amene m'bale wake anatengedwa usiku ankadziwa kuti chinthu chokokolola anthu mosayembekezereka sichikhala pansi pa phiri pokha.

Mapanje analemba za bilimankhwe, kanyama kosintha mtundu kuti kapulumuke, ndi za dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, mmene anthu amati mafumu akale ankaponyamo adani awo. Buku lake, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku. Pa 25 Sepitembala 1987 anamumanga ku Zomba n'kukamutsekera ku Mikuyu, kumene anakhala mpaka Meyi 1991 popanda kumuzenga mlandu. Apa mukuona kusiyana kwake. Akapitawo a ku Mopeia ankailekerera nyimbo, koma boma la nthawi imeneyo linaswa mwambo wakale uja. N'chifukwa chake buku la Vail ndi White, limene muli mutu wa Paiva, limathera ndi mutu wonena za Mapanje.

Pali ziwiri zoti mlakatuli woyamba atolepo apa. Ku Mikuyu akaidi sankaloledwa cholembera ndi pepala, ndiye Mapanje ankapeka ndakatulo m'mutu n'kuzisunga momwemo, ndipo zina mwa izo zinadzatuluka m'buku lake la mu 1993. Ndakatulo yokhoza kusungika m'mutu zaka zitatu ndi yomangidwa bwino, monga inalili nyimbo ya opalasa ija. Chachiwiri n'chakuti kuphiphiritsa kwa alakatuli amenewa sikunali kubisira owerenga. Ankabisira mlonda, koma mwini mudzi ankamva zonse. Achinyamata ena amaganiza kuti ndakatulo ikakhala yosamveka ndiye kuti ndi yozama. Ayi ndithu. Ngati anthu amene mukuwalembera sakumva, simunaphiphiritse, mwangosokoneza.

Nanga nyimbo zotamanda?

Wina akhoza kunditsutsa kuti nyimbo zimene amayi a mbumba ankaimba pa misonkhano ya Kamuzu nazonso zinali zazifupi, zotchula dzina, zogwirizana ndi ng'oma, ndipo dziko lonse linkazidziwa. Ife amene tinali ku pulayimale kumapeto kwa ulamuliro umenewo tinaziimba, ndipo maimbidwe ake anali okoma, pakuti ambiri anatengedwa ku magule a makolo. Kodi sizinali ndakatulo zabwino?

Taonani chimene chinachitika itadutsa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Zambiri mwa nyimbo zomwezo zinapitirira kuimbidwa pa misonkhano ya zipani zina, atangochotsa dzina ili n'kuikapo lina. Mawu ena onse anakwanira bwinobwino, chifukwa sananene kanthu kalikonse kokhudza munthu mmodzi yekhayo. Kwa Paiva zinayenda mosiyana. Mabwana ankasintha koma dzina linatsala, chifukwa chimene nyimboyo inaona, chakuti wolima ndi wina wodya ndi wina, chinali chikadali choona. Yesani ndakatulo yanu motero. Ngati mungachotse dzina la mayi anu n'kuikapo la mayi wa mnzanu popanda kusintha china chilichonse, ndiye kuti simunalembe za mayi anu. Mwalemba zimene aliyense amanena pa tsiku la anakubala.

Chichewa chikalowa m'buku

Ndakatulo zolembedwa m'chiyankhulo chathu zinayamba kuoneka m'mabuku mochedwerapo. Mu 1963 a E.J. Chadza anatulutsa Ntchito za Pakamwa, ndipo dzina lokhalo likutikumbutsa kumene ndakatulo imakhala. A J.W. Gwengwe nawonso analemba m'zaka zomwezo. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, mu 1972 panakhazikitsidwa Chichewa Board, ndipo mu 1981 a Enoch Mvula anasonkhanitsa ndakatulo za alembi osiyanasiyana m'buku la Akoma Akagonera. Pambuyo pake a Benedicto Wokomaatani Malunga anatchuka kwambiri, ndipo Amalawi ochuluka anazidziwa ndakatulo zawo pozimva pa wailesi ndi pa kaseti asanalione buku. Ndakatulo ya Chichewa inabwereranso kukhutu kumene inachokera.

Koma sukulu inatisiyira chizolowezi china chimene tinatengera ku ndakatulo za Chingerezi, chakuti mizere izithera ndi mawu omveka mofanana. M'Chingerezi zimenezi zimafuna luso, chifukwa mawu ake amathera m'njira zambirimbiri. M'Chichewa mawu amathera ndi a, e, i, o kapena u basi, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye kufananitsa mathero n'kosavuta, mwana wa Sitandade 5 akhoza kuchita, ndipo khutu silidabwa nako. Choipa chake n'chakuti mlakatuli amayamba kusankha mawu chifukwa cha mchira wake, osati chifukwa ndi oona, mpaka kupotoza chiganizo kuti mneni agwere kumapeto.

Kukoma kwa chiyankhulo chathu kuli kwina. Kuli kumayambiriro kwa mawu, kumene mgwirizano wa magulu a mayina umabwereza liwu lomwelo wokha, monga tikati chimanga chathu chauma chonse. Kuli pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, limene timalikoka tikafika pothera chiganizo. Kuli pa kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la maso. Kulinso m'mvekero. Mukati mudzi unali zii, kapena mtsuko wadzaza ndendende, kapena mwana anagwera m'madzi kuti khuvu, mwanena ndi liwu limodzi zimene Chingerezi chimafuna chiganizo chonse. Zonsezi sizioneka papepala. Zimamveka mukawerenga mokweza, ndipo ndakatulo imene simunaiwerenge mokweza simunaimalize.

Kwa inu ana a kuchigwa ndionjezepo ichi. Chigamulo cha 1968 chinasiya Chisena kunja kwa sukulu ndi wailesi, ndipo nkhani za m'Chisena zinayamba kumveka pa MBC mu 1996. Zaka zimenezo zinasiya manyazi mwa ena, moti mwana wa ku Tengani kapena ku Ngabu amaganiza kuti ndakatulo iyenera kumveka ngati yochokera ku Kasungu. Pa mayeso lembani Chichewa chimene silabasi ikufuna, palibe kuchitira mwina. Koma kunja kwa mayeso kumbukirani kuti nyimbo imene akatswiri anailembera mbiri yakeyake inali ya Chisena. Ngati liwu loona ndi mwadiya, lembani mwadiya.

Nanga ife lero?

Kuyambira 1994 mlakatuli sakufunikanso kubisala kumbuyo kwa bilimankhwe monga kale, ndipo ndakatulo zachuluka pa wailesi, pa maukwati, pa misonkhano ya mabungwe ndi pa mafoni. Ufulu umenewu ndi wabwino, koma wabwera ndi ulesi wake. Poti chilichonse chikhoza kunenedwa mwachindunji, ambiri asiya kufunafuna chinthu chimene chingasenze uthenga wawo. Ndakatulo zambiri za oyamba kumene zimayamba ndi kuitana vuto, iwe Edzi, iwe umphawi, iwe katangale, kenaka zimalitukwana ndime zinayi, n'kumaliza ndi malangizo akuti tiyeni tigwirane manja. Palibe bodza m'menemo, koma palibenso chimene womvera sankachidziwa.

Titenge chitsanzo cha madzi, poti ndiwo mtanda wathu kuno. Tinaona chigumula cha Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anaononga damu la Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023 amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mwana amene anapulumuka zonsezi akalemba kuti madzi osefukira ndi oipa ndipo atisaukitsa, walemba zimene mlendo wa ku Lilongwe akanalemba asanatsike n'komwe ku Thabwa. Koma mwanayo anaona zimene mlendoyo sanaone. Anaona mzere wa matope pakhoma la kalasi, pamwamba pa bolodi. Anaona mbuzi ndi njoka zitakhala pa chulu chimodzi osavutana. Anaona agogo ake akukana kukwera bwato chifukwa manda a amuna awo ali pomwepo. Anadya nyika mwezi wathunthu, ndipo akudziwa mmene imakomera tsiku loyamba ndi mmene imakhalira tsiku la makumi awiri. Chimodzi chokha mwa zimenezi, chitaonedwa bwino, ndi ndakatulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso zimene kwathu kuno n'zovuta kuzinena poyera: mwana wamkazi wosiyitsidwa sukulu chifukwa banja lalandira kale chuma, thumba la chimanga cha chithandizo limene linalowera kunyumba ya wolemba mayina, mkangano wa anthu amene akuuzidwa kuti asamuke kumadimba kumene makolo awo analima. Apa ndi pamene mwambo wa pamtondo ukufunikabe. Simukufunika kutchula dzina la munthu wamoyo n'kudziputira mlandu. Pezani chinthu chimene mudzi wonse ukuchidziwa, muchiike poyera, omvera amaliza okha.

Chimene chili pachiswe ndi ichi. Malipoti a boma ndi a mabungwe adzasunga chiwerengero cha nyumba zogwa ndi mahekitala okokoloka, monga mmene mabuku a kampani anasungira kuchuluka kwa shuga. Mmene zinalili kukhala pa denga usiku wonse ndi mwana kumsana sizidzapezeka m'malipoti amenewo. Ngati alakatuli athu angolemba mawu aakulu opanda nkhope, mdzukulu amene adzafune kudziwa za zaka zino adzapeza manambala okhaokha.

Zoti tichite m'kalasi ndi kunyumba

Kwa aphunzitsi anzanga, ndikupempha kuti tisanawapatse ana mndandanda wa nsinjiro za chiyankhulo, tiziwatuma kwa agogo awo akalembe nyimbo imodzi ya pamtondo, ya pamaliro kapena ya m'bwato, afunsenso kuti inkanena yani ndipo chinachitika n'chiyani. Zigayo zachepetsa mitondo ndipo amayi odziwa nyimbozi akutha, choncho ntchitoyi ndi yachangu. Akabwera nazo m'kalasi, ana adzapeza okha zining'a ndi zifanifani m'menemo, ndipo adzaona kuti zinaikidwamo chifukwa panali chosowa, osati pofuna malikisi. Tiyeninso titengere Writers Group. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi okumana pansi pa mtengo sabata iliyonse, kuwerengerana mokweza ndi kuuzana zoona, akhoza kuphunzira zambiri kuposa zimene cholembera chofiira chingawaphunzitse.

Kwa inu amene mwayamba kulemba, mukamaliza ndakatulo muzidzifunsa mafunso awa. Kodi muli chinthu chimene ndinachiona, kuchimva kapena kuchinunkhiza ndekha? Kodi nditasintha dzina la munthu kapena la malo, ikhalabe chimodzimodzi? Kodi mnzanga ataimva kawiri angabwereze mzere umodzi mawa? Kodi ikunena china chimene sindikanatha kuchinena pocheza wamba? Kenaka yang'anani ndime yomaliza. Ngati ndi ya malangizo, ichotseni muwerengenso. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndakatuloyo inali itatha kale, ndipo malangizowo anali kusakhulupirira omvera anu.

Musafulumire kuitulutsa. Isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri, muiwerengere munthu amene sakuopani, makamaka wachikulire amene sanapite patali ndi sukulu. Akakufunsani kuti mukutanthauza chiyani, bwererani mukakonze. Akangoti zii, kenaka n'kuyamba kukusimbirani za chaka chimene iyenso anadya nyika, dziwani kuti mwalemba.

Amene muli ndi nyimbo zakale za kwanu, zilembeni agogo akadali moyo.